Kamwala ka M'khutu mwa Nsomba

Lyttelton, New Zealand
8 Malichi 1998

Dik Cas, make Likha,

Salamu. Ine ndili moyo, zala zonse khumi zilipo, ndaziwerenga ndisanagwire cholembera. Kaya iweyo kumeneko ku Suradadi ndi chifuwa chako chija, kaya mwana wathu Maslikha ndi mabuku ake.

Tafika padoko dzana, titatha masiku makumi anayi osaona mtengo. Makalata ako awiri ndawapeza ku nyumba ya amalinyero, ndipo ndawawerenga motsata madeti ake kuti mpunga undikwerere pang'onopang'ono. Wati kilo yafika marupiya 1,800. Wati a ejenti amene anandipezera ntchito akukupatsabe marupiya omwe aja a chaka chatha ngati kuti dola sinalumphe. Usakakangane nawo. Iwo agwira kumpini, ife tagwira kokuthwa. Ndalama zikabwera, yamba ndi fizi ya Likha. Denga lidikire. Ladontha zaka zitatu, silikuthamangira kulikonse.

Wafunsa kuti ndi nsomba yanji imene yachotsa munthu wa satifiketi ya sekondale pakhomo pake n'kukamuponya kumathero a dziko. Azungu a kuno amati orenji rafi, ife timangoti rafi. Usaganize za chinsomba chachikulu. Kutalika kwake n'kuyambira pachigongono kufika kunsonga ya chala. Koma mutu ngati wobwereka: chimutu cha mafupa okhaokha, cha maenjemaenje odzaza ndi zoterera ngati mamina, maso aakulu, mlomo wogwera m'mbali ngati yangouzidwa za maliro, ndipo m'kamwa muli bii. Ikamatuluka m'khoka imakhala yofiira ngati njerwa. Ikagona pang'ono patebulo imafwifwa n'kukhala ngati lalanje. Ndiye kuti amene anaipatsa dzina anaona mtembo wokha. Imakhala kilomita yathunthu pansi pa madzi. Kutsitsa khoka kokha kumatenga nthawi yoti iwe ungaphike mpunga n'kupakula.

Ntchito yanga ndi kudula mitu. Pambali panga pamaima Dasmun wa ku Pemalang, mkulu wotsala ndi mano asanu, amene anayamba kukwera sitima za Akoreya ine ndili pasukulu. Atamva kuti ndinafika sekondale anandipatsa dzina.

"Aphunzitsi," amatero, atandilozetsa nkhope ya rafi, "apongozi anu abwera. Apatseni mpando."

"Akufanana ndi inuyo, Kang Dasmun, kungoti iwo kamwa lawo silinathe."

"Mano ndi a chiyani pa chakudya cha muno? Msuzi satafuna."

Pomaliza. Walemba, ngati nkhani yongodutsa, kuti mlongo wako Kang Wasrap anabwera ndi Haji Sobirin kudzamwa tiyi. Munthu wa malesitilanti anayi ku Jakarta, amene anaika mkazi wake m'manda chaka chatha, salowa m'nyumba yodontha chifukwa cha ludzu. Akabweranso, kamphika ka tiyi unyamule wekha. Likha akhale kuchipinda ndi masamu ake. Ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Akatha kalasi ili mu Juni chimtsalira chaka chimodzi kuti alembe mayeso a boma n'kupita kukaphunzira uzamba. N'chimene ndinadzera kuno, osati kudzaona nyanja.

Mwamuna wako,
Tarmudi

Lyttelton
19 Epulo 1998

Dik Cas,

Salamu. Ndili bwino tsopano. Mawu akuti tsopano ndiwamasulira m'munsimu. Ndakondwa kumva kuti chifuwa chatsika.

Chikondwerero cha nsembe chinatipeza panyanja, opanda mbuzi, opanda ndi tchuthi chomwe. Ndiye ife a m'boma lathu la Tegal tinachita zimene anthu a ku Tegal amachita akaona nsomba yochuluka: tinabisa rafi makumi awiri, kuzing'amba pamsana, kuthira mchere, n'kuziyanika pafupi ndi chumuni cha injini. Ndi khungu lomwe, monga mayi ako ankachitira. Zitauma tinakazinga. Sindinadyepo nsomba yokoma chomwecho chichokereni kwathu.

Mawa lake amuna khumi ndi anayi tinali pamzere wa chimbudzi chimodzi. Si kutsekula m'mimba kumene ukudziwa. Ndi mafuta, ngati a nyale, ndipo sachenjeza. Dasmun anazindikira ataona anzake akumuloza kumbuyo.

"Zaka makumi awiri ndi zisanu panyanja," anatero, "ndipo lero ndikudontha ngati injini ya bwato la ngongole."

Kapitawo wa Chikoreya sanaseke. Zimene anachita ndisiya, papita kale.

Amene anaseka mpaka kugwira khoma ndi Moira, mayi wa boma la kuno amene anakwera nafe ulendo uno kudzayeza nsomba. Popeza Chingelezi changa chimayenda ndi ndodo koma chimafika, anandifotokozera. Nsomba zina zili ndi thumba la mpweya loziyandamitsa, n'chifukwa chake zikakokedwa kuchokera pansi zimafika maso atatuzuka, chifu chili pakamwa. Rafi ilibe mpweya. Thumba lake ndi khungu lake zadzaza ndi mafuta onga phula, amene mimba ya munthu siingagaye. N'chifukwa chake imafika pamwamba yosatupa, yaulemu wake, ndipo n'chifukwa chake fakitale imasenda khungu mozama. Ife tinkayesa azungu ndi osakaza.

Ndinamupeza tsiku lina akuboola mitu n'kutulutsamo timiyala toyera, tiwiri mutu uliwonse, tonga chikhadabo. Anati n'timiyala ta m'khutu, ndipo zaka za nsomba zimalembedwa mmenemo. Anandionetsa kamodzi kodulidwa mopyapyala, pansi pa galasi. Muli mizere ngati ya m'thunthu la mtengo, mzere umodzi chaka chimodzi. Yoyambirira ndi yotakata. Kenaka, pafupi ndi mzere wa makumi atatu, imapanikizana mwadzidzidzi moti diso silingaisiyanitse. Ndinafunsa kuti pamenepo pachitika chiyani. Anati pamenepo ndi pamene nsomba yayamba kuswana. Kuyambira apo imangokula pang'ono kwambiri, chakudya chonse chimapita ku mazira. Zina zimafika zaka zana, zina kupitirira. Ndiye kuti imene inamdontheza Dasmun mwina inabadwa agogo ake asanabadwe.

Ndaika kamwala kamodzi m'kalata muno. Ndakapala pa mwala wonolera mipeni mpaka kuwala kukudutsa. Likha akapite nako kwa aphunzitsi ake a sayansi, awerenge mizereyo.

Tsopano nkhani yako. Wati Haji anatumiza matumba awiri a mpunga, ndipo Kang Wasrap wanena poyera chimene akufuna. Mpunga idyani, sitingaubweze m'mimba. Yankho ndi ayi. Nsomba yopanda sukulu, yokhala mumdima, imadikira zaka makumi atatu. Haji angadikire chaka chimodzi, kenaka zitatu za uzamba, kenaka adzamufunse mwini wake. Uwakumbutse alongo akowo kuti mtsikana sakwatiwa popanda wali wake, womupereka kwa mwamuna, ndipo wali wa Likha ndi bambo wake. Amalume a kuchikazi alibe mawu pamenepo ngakhale atavala kofia yaitali chotani.

Tarmudi

Lyttelton
24 Meyi 1998

Dik Cas,

Salamu. Zilembo zikapendama usaganize kuti ndayamba kumwa. Chala chapakati chakulungidwa. Unyolo ndi kapitawo anagwirizana chimodzi, basi. Zikadali khumi.

Za ku Jakarta taziona pa kanema wa ku nyumba ya amalinyero, utsi ndi anthu akuthamanga ndi mafiriji pamsana. Wati lesitilanti imodzi ya Haji inapsa. Pepani kwa iye. Zatsala zitatu, sagona ndi njala.

Za ndolo zako zandipweteka kuposa chala. Zinali za mayi ako. Ukanandiuza usanapite nazo kwa wogula golide. Koma ndikudziwa kuti ukanandiuza, kalata ikanayenda masabata awiri kubwera, awiri kubwerera, ndipo mphika sudikira positi. Fizi walipira, ndathokoza.

M'envulopu yako munalinso pepala limene si iwe unalemba. Lotayipidwa bwino, la sitampa, ndi kamtanda ka pensulo posonyeza pamene ndisayine. Likuti ine Tarmudi, pokhala kutali, ndikupereka udindo wanga wa wali kwa mkulu wa ofesi ya maukwati kuti akwatitse mwana wanga m'malo mwanga. Pak Lebe, amene ntchito yake pamudzi ndi kusambitsa maliro ndi kuyendetsa mapepala a ukwati, waonetsa kuti ntchito ziwirizi amazigwira ndi liwiro limodzi. Ndinamuwerengera Dasmun.

"Pepala labwino, lolimba," anatero akulisisita. "Mukulifuna, Aphunzitsi?"

Wakulungira fodya. Ukawauze kuti linafika ndipo likugwira ntchito.

Akuti Haji walonjeza kuti Likha adzapitiriza sukulu ali pabanja. Sukulu yake iti? Ya ku Slawi imachotsa mtsikana tsiku lomwe yamva kuti wakwatiwa, ndipo Haji akudziwa, popeza ali m'komiti ya makolo. Akufuna munthu wodziwa masamu woti akhale pa kabati ya ndalama popanda malipiro, ndi wolera ana ake atatu. Wapeza onse awiri m'mutu umodzi.

Kumapeto kwa kalata yako wafunsa kuti, "Nanga ine unanditenga ndili ndi zaka zingati, Mas?" Nthawi imeneyo inali ina. Tisasakanize nkhani.

Wati Likha sakunena kanthu, akungoti zimene makolo anene. Asanene kanthu bwanji pamene akuona m'makutu mwa mayi ake mulibe kanthu, ndipo mpunga umene akudya akudziwa kumene unachokera? Usamufunse pamaso pa amalume ake. Ndipo usamapite naye kunyumba kwa Haji kukathandiza kuphika. Amene akufuna wophika alembe wantchito.

Ukagule mankhwala a chifuwa aja ngakhale chatsika. Mvula ikabwerera chidzabwerera.

Tarmudi

Lyttelton
14 Juni 1998

Dik Cas, ndi iwe Likha, popeza ndikudziwa kuti ndiwe umawerengera mayi ako mokweza,

Salamu kwa nonse. Chala chapola, chakana kupindika kokha. Takhala padoko masabata atatu akukonza winchi yokokera khoka. Kuno kwazizira moti madzi a m'ndowa amagona ndi chivindikiro chawochawo.

Likha, kakalata kako ndakaona. Wakhoza wachitatu m'kalasi, ndipo wachiwiriyo akuposa ndi mamalikisi anayi okha. Wati aphunzitsi anakonda kamwala kaja ndipo akufuna ndilembe kumene nsombayi imakhala, kuti udzawerengere anzako sukulu ikatsegulira. Tamvera, ndipo ukonze pamene bambo ako aphonya.

Tikachoka pano timalunjika kotulukira dzuwa masiku awiri ndi theka. Kumeneko pansi pa nyanja pali mapiri. Enieni, ena ngati phiri lathu la Slamet litamizidwa, kungoti nsonga zake zili mamita mazana asanu ndi atatu pansi pa sitima. Kuwala kwa dzuwa kumathera panjira. Madzi ake ndi ozizira ngati a m'firiji chaka chonse, kulibe dzinja, kulibe chilimwe, ndipo kulemera kwake kungaphwanye mgolo wachitsulo ngati dzira. M'mapirimo mumamera mitengo yamiyala, yanthambi, imene imakula pang'onopang'ono kuposa rafi yomwe. Ndaiona chifukwa khoka limaithyola n'kubwera nayo. Rafi imangoyandama pamenepo, osathamanga, kudikira kuti madzi oyenda aibweretsere tinkhanu ndi tinsomba. Chakudya n'chochepa, ndiye imachita chilichonse mosafulumira: kudya, kukula, kukalamba. Ikaopsedwa siithawira m'mwamba kapena m'mbali. Imathawira pansi, ndipo pansipo ndi pamene khoka lathu layasama.

Mwezi uno ukamatha zimasonkhana kuchokera kutali, zikwi ndi zikwi pa phiri limodzi, kudzaswana. Kamodzi pachaka, ndipo Moira anati si zonse zimene zimaswana chaka chilichonse. Kumeneko n'kumene tikupita Lachitatu.

Tikakhalako masabata asanu ndi awiri. Kulibe positi, kulibe foni. Wailesi ndi ya kaputeni, ndipo sanaiyikire anthu odula mitu. Ngakhale utandipatsa mapu sindingakulozere pamene tidzakhale, chifukwa kaputeni amabisa mapiri ake kuposa mmene amabisira mkazi wake. Palibe munthu kumtunda amene angandipeze. Wina akandifuna pa masabata amenewa, angondiyesa wakufa mpaka Ogasiti. Ukawawerengere anzako zimenezi, adziwe kuti bambo ako anapita kutali kuposa bambo wa aliyense.

Dik Cas, zatsalazi n'zako. Yunifolomu ya Likha yafupika, wandiuza yekha. Usagule yatsopano, masula mpendero. Ndasangalala kuti Kang Wasrap wasiya kubwera. Ndinadziwa kuti akaona khomo lotseka adzatopa.

Tarmudi

Panyanja
26 Julayi 1998

Dik Cas,

Salamu. Kalata ino idzanyamuka limodzi ndi ine tikadzafika padoko, ndiye ukamadzaiwerenga moni wake adzakhala atafwifwa ngati rafi. Komabe ndili moyo. Lero mphepo yakula, khoka silinatsike, ndipo atipatsa masana onse kuti tikhale pansi. Ndi koyamba chichokereni.

Zimene ndaona masabata awa sindikanazilemba m'kalata ya Likha. Pa makina a kaputeni gulu la nsomba limaoneka ngati chulu chofiira chomera pa phiri. Khoka limangokhudza mphindi zisanu, nthawi zina ziwiri, n'kubwera lodzaza moti winchi imalira. Tsiku lina linang'ambika likukwera, nyanja yonse inafiira. Zapansi m'khokamo zimafika zophwanyika ndi kulemera kwa zinzake. Ulendo uno Moira sanakwere, ndiye kumene zophwanyikazo zimapita funsa mbalame.

Zazikazi zonse zili ndi mazira. Ukangogunda mimba amatuluka okha. Pansi pa fakitale pali phala la mazira lofika m'kakolo, timatsetsereka nalo, timalikankhira m'ngalande ndi mafosholo. Maola khumi ndi asanu ndi atatu patsiku. Munthu umasiya kuganiza, n'chisomo chake chokhacho.

"Mwaona, Aphunzitsi," anatero Dasmun dzana, mpeni ukuyenda, "zinadzisunga zaka makumi atatu, zadzola, zabwera ku ukwati. Akwati ake ndife."

"Dulani nsomba, Kang."

"Ndikudula. Ine wanga wamkazi ndinamkwatitsa ali ndi khumi ndi zisanu. Ali moyo, ali ndi ana anayi, amandida pang'ono pokha."

"Wanga sakwatiwa. Popanda dzanja langa palibe ukwati. Ndi lamulo, la boma ndi la Mulungu."

"Ee, lamulo," anatero. "Ine sindinapite kusukulu, koma nyumba iliyonse imene ndinalowamo inali ndi khomo lakumbuyo."

Ndinamuuza kuti amayankhula ngati munthu amene malamulo amawaonera kuchokera m'chitokosi. Anaseka mpaka kutsokomola. Akutsokomola kwambiri masiku ano, ndipo dzulo anakhala pansi pakati pa ntchito, kapitawo akuona. Tinamuimika msanga.

Pa phiri lachitatu tinapeza pochepa. Dasmun akuti zaka khumi zapitazo phiri lomwelo linkadzaza sitima zisanu pa sabata. Kaputeni anatukwana makina ake ngati kuti ndiwo anadya nsombazo. Ukadula mtengo wa zaka zana sukabwerako chaka chamawa ndi nkhwangwa, koma kaputeni sanandifunse maganizo.

Lero ndi Lamlungu. Ndawerengera kuti sukulu inatsegulira masabata awiri apitawo, ndiye panopa Likha ayenera kuti akusita yunifolomu ya kalasi lomaliza, makala ali m'simbi, buku lili pambali. Umuuze asamawerenge akusita. Anawotcha kale kolala imodzi.

Tarmudi

Lyttelton
12 Ogasiti 1998

Casriyah,

Kalata yako ndaipeza, ndi chithunzi chomwe. Za moyo wanga usafunse, ulipo.

Ndilembe mmene ndamvera, kuti ngati ndaphonya undikonze. Kang Wasrap anatenga kalata yanga ya pa 14 Juni n'kupita nayo kwa Pak Lebe. Pak Lebe anapita nayo ku ofesi ya maukwati. Mkulu wa kumeneko anawerenga kuti kulibe positi, kulibe foni, palibe angandipeze, ngakhale mwini wakene sindidziwa pamene ndili. Anatsegula buku lake n'kupeza kuti wali akakhala wosapezeka, boma limaima m'malo mwake, ndipo chilolezo cha mayi chimakwana. Iwe unadinda chala. Kalata yanga anaidinda sitampa n'kuisunga m'faelo ngati umboni. Pa 26 Julayi mkuluyo anagwira dzanja la Haji Sobirin n'kumupatsa mwana wanga.

Wati mkuluyo anayamikira kalembedwe kanga. Umuthokoze.

Ndinakana kusayina pepala lawo la mizere isanu ndi umodzi, n'kuwalembera langa la masamba atatu, ndi dzanja langa, chala chouma. Ndinakongoletsa kuti ana a sukulu adzagome.

Kalatayo inali m'chitini cha mabisiketi, m'kabati imene kiyi wake umavala m'khosi. Sindikufunsa kanthu. Ndikungonena pamene inali.

Pa chithunzi Likha amupaka ufa wambiri moti ndinayamba ndamufunafuna. Ndaona kuti ndolo zako zabwerera.

Tarmudi

Lyttelton
27 Sepitembala 1998

Dik Cas,

Salamu. Ndili bwino. Chifuwa chako, mvula yayandikira, usaiwale.

Dasmun anamutsitsa padoko ulendo wathawu n'kumukweza ndege. Anati mapapo. Thumba lake ndinamunyamulira ine mpaka pachipata. Sanatchule za khomo lakumbuyo, ngakhale kamodzi, ndipo kwa munthu wa kamwa ngati lake imeneyo inali mphatso yaikulu. Anangoti, "Aphunzitsi, mukadzayanikanso, muzisenda khungu." Ngati wina apita ku Pemalang akafunse za iye.

Kalata yako yaitali ndaiwerenga katatu. Wati kilo inafika 3,500, a ejenti anadumpha miyezi iwiri, ndipo munkadya kamodzi patsiku pamene ine ndinkalemba za mapiri a pansi pa nyanja. Wati chitini unatsegula ndiwe, palibe anakukakamiza, ndipo ukanatsegulanso. Wati, "Iwe unali ndi lamulo, ine ndinali ndi mphika." Sindikutsutsa. Ndafunsa kwa shehe wa mumzinda muno ngati ukwati wotere ungamasulidwe. Anati mwina, kukhoti, ndikadzabwera, mwana akadzavomera kuimirira pamaso pa anthu n'kutsutsa mwamuna wake ndi mayi ake. Pofika nthawi imeneyo adzakhala ndi wake kumsana. Wati wayamba kale kusanza m'mawa.

Denga akukonzerani a Haji, ndamva. Zili bwino. Ine ndasayina chaka china. Palibe chimene ndikuthamangira.

M'kona mwa envulopu ya chithunzi ija munali kanthu kolimba kokulungidwa m'pepala la m'kope la masamu. Sindikudziwa ngati unaona akukaika. Ndi kamwala kaja. Papepalapo Likha analemba mizere iwiri: "Bapak, yotakata ndinaiwerenga ndi galasi la aphunzitsi, ndinapeza 29. Yopanikizanayo anati imafuna makina a kusukulu, ndidzabwere ikatsegulira."

Ndakhala nako m'thumba la malaya ulendo wonse. Moira anakweranso, ndipo akanatha kundiwerengera yotsalayo. Sindinamupatse.

Mu Epulo, pamene anandionetsa mizere ija, ndinangoona theka limene linkandithandiza pa mkangano, zaka makumi atatu zodikira. Theka linalo ndinaliona koma sindinaliyang'ane. Masabata awa, ndikudula mitu, ndayesa kukumbukira zaka zako khumi ndi zisanu ndi zitatu m'nyumba mwanga, chimodzichimodzi. Ndapeza chaka chimene Likha anabadwa. Ndapeza cha madzi osefukira, ndi chimene tinaika kamnyamata kathu. Zinazo zakana kusiyana. Ndimangokuona wawerama pa mbaula, ndipo sindingathe kunena kuti n'chaka chiti.

Ukapita ku Jakarta kukamuona Likha, mutengere mabuku ake a sayansi, ali pamwamba pa kabati. Akawakana usamukakamize, bwera nawo. Usamuuze kuti ndakwiya. Umuuze kuti 29 ndi yankho lokhoza.

Mu Meyi unandifunsa funso, ndipo ndinati tisasakanize nkhani. Unali ndi zaka khumi ndi zisanu. Unali ndi chikwama cha nsalu yobiriwira, ndipo unkakhoza masamu kuposa mlongo wako. Bambo ako sanali panyanja. Anali pomwepo pamkeka, atavala kofia yatsopano, ndipo dzanja limene anagwira linali langa.

Mwamuna wako,
Tarmudi